Mawu a pa Tepi Nambala 14

LACHIWIRI

Keziah (ofesi ya a Dean), 09:12
a Dr Gondwe, newsletter ya koleji yatsala page yanu yokha. a Chemistry anatumiza kale zawo zoyeza madzi a m'zitsime, a Maths nawonso. inu olandira mphoto ndinu amene mwatsalira

Keziah, 09:14
ndalemba chonchi, konzani: "Dr Levi Gondwe a ku Music alandira mphoto chifukwa cha buku lawo la nyimbo za chilimika, lochokera pa matepi amene malemu Prof Mackford anajambula ku Nkhata Bay mu 1986. Loweruka koleji ikapereka satifiketi ya ulemu kwa banja la malemu Jane Longwe, mayi amene anaimba nyimbo ya pa tepi nambala 14."

Dr Gondwe, 10:02
zili bho. onjezerani kt inali nthawi ya chipani chimodzi. nyimboyo imadandaula zoti amayi akutengedwa pa lole kukavina ku msonkhano, chinangwa chikuwolera m'madzi. munthu ankatha kusowa chifukwa cha nyimbo yotere

Keziah, 10:03
malo ndi ochepa a Doc. ndingolemba "yolimba mtima"

Dr Gondwe, 10:05
ndawaika mu group madam Prisca Longwe, aphunzitsi a ku primary komweko. ndi amene akutikonzera zonse. malemu Jane anali azakhali awo

Prisca, 12:31
yewu. pepani ndinali mkalasi. holo ya tchalitchi tapatsidwa, mipando 80. amayi a chilimika avomera kuvina koma akuti nyimboyo sakuidziwa, munditumizire ndikawaphunzitse

Keziah, 12:33
wolandira satifiketi ndi ndani kwenikweni? ndikufuna dzina la pa programme

Prisca, 12:36
Henderson Mphande, msuweni wanga, mwana yekhayo wa a Jane. amayendetsa minibus ya Mzuzu. amayi ake anamwalira ali ndi zaka 2, alibe ngakhale chithunzi chawo

Prisca, 12:37
chimutumizireni a Doc nyimboyo, yakhala ringtone yake. okwera onse a Mzuzu aimva, kaya afune kaya asafune

Dr Gondwe, 12:50
🎵 tepi 14, 2:41
imathera pakati pa ndime, tepi inatha pomwepo. amayi angobwereza chorus

Keziah, 12:52
ndime imene munailembera masamba 9 m'buku lanu poganizira kt inkanena chani?

Dr Gondwe, 12:53
7

LACHITATU

Prisca, 06:48
a Doc muli pa line?

Prisca, 07:15
dzulo madzulo ndinaiyatsa nyimbo ija kunyumba. ama anga anali pakhonde akusankha usipa wa kumsika. tepi itatha iwo sanathe, anapitiriza mpaka kumapeto

Dr Gondwe, 07:40
!!! akuidziwa ndime yosowayo? imati chani

Prisca, 07:42
m'chichewa ndi ngati "tikabwerako ana tiwaphikira khadi ya chipani, adye akhute"

Dr Gondwe, 07:43
zaka 5 ndikufuna mzere umenewu. anaimva kwa a Jane?

Prisca, 07:44
ayi

Prisca, 07:58
bola muwamve eni ake

Prisca, 07:59
🎤 uthenga wa mawu, 1:22
Ada Gondwe, ndine Ellen nyaManda, mama wake Prisca. Chichewa changa mupirire nacho. Tsiku lija tinali amayi sikisi kuseri kwa msika, pansi pa mango. Bambo wa ku koleji uja anali munthu wabwino. Tinayamba ndi nyimbo za ukwati, kenako thupi litatentha ine ndinaponya ya lole ija. Titamaliza anatulutsa kope, akuti mayina anu, chifukwa matepi akadutsa kaye ku ofesi ya boma. Tinayang'anana. Wamkulu wathu anatchula dzina la mama wake amene anafa kalekale, ife tonse tinatsata momwemo. Aliyense wakufa wake. Tinkati wofuna kutimanga akatipeze kumanda. Ine ndinatchula Jane, mlamu wanga. Tinali titamuika chaka chomwecho, dzina linali pafupi pakamwa. Woimbayo ndine, ada. Basi.

Keziah, 08:20
hmm

Dr Gondwe, 08:41
madam, ndi ulemu wonse kwa amayi. kope la Prof ndili nalo pano, analemba ndi dzanja lawo: Jane Longwe. papita zaka pafupifupi 40, anthu akulu nthawi zina amasakaniza

Prisca, 08:43
ama amadziwa kt ndani anagula usipa wowola kwa ndani mu 1991. sasakaniza

Dr Gondwe, 08:44
inuyo munandiuza nokha kt a Jane anamwalira 1986. tepi ndi ya 1986. zikugwirizana

Prisca, 08:45
mwezi wanji?

Prisca, 13:20
📷 chithunzi
ndadutsira kumanda pochokera ku sch. pamwala wa a Jane palembedwa 9 March 1986. inu pa bokosi la tepi palembedwa chani

Prisca, 14:05
a Doc

Keziah, 15:10
ali mu ofesi, chitseko atseka. ndawaona pa window akutembenuza makaseti

Dr Gondwe, 16:02
16 August

Dr Gondwe, 16:04
mayina enawo asanu ali pa tsamba 212 m'buku langa. mungawafunse amayi?

Prisca, 17:30
ndawawerengera. onse anali atamwalira kale tepi isanajambulidwe. mmodzi anafa 1958. ama aseka mpaka kutsokomola, akuti ameneyo ankadana ndi chilimika, anali wa mvano

Keziah, 17:33
ndiye mphoto ija a Doc alandirira kaundula wa kumanda

Dr Gondwe, 17:34
Keziah pls

LACHINAYI

Keziah, 08:05
tiyankhule za ntchito. satifiketi inasindikizidwa kale, a Dean asaina, speech yawo yatchula Jane Longwe kanayi. ngati tikusintha, a printing akufuna dzina pofika mawa 3pm. ine sindisamala kt ndi ndani, ndingofuna dzina limodzi

Dr Gondwe, 08:30
tisintha. ndaganiza bwino. cholakwa ndi changa, ndinakhulupirira kope osafunsa anthu. woimbayo ali moyo, ali pa msika tsiku lililonse, ine ndinadutsa pa benchi yawo katatu ndikufunsa za munthu wakufa. lembani Ellen Manda

Dr Gondwe, 08:32
komanso nkhani ya mayina a akufayi ndi paper payokha. palibe anailembapo

Keziah, 08:33
ndinadziwa kt muona paper penapake

Prisca, 10:15
nanga Henderson amuuza ndani?

Keziah, 10:40
a Doc funso ndi lanu

Dr Gondwe, 10:52
ndimaganiza kt poti ndi m'banja

Prisca, 10:54
amene munamuimbira foni kumuuza kt tapeza mawu a amayi ako ndinu. ine ndinangokupatsani number

Prisca, 10:57
wasoketsa suti. waitana abale a bambo ake a ku Chintheche. Loweruka minibus sagwira ntchito, akuti anyamula anthu ulere kuchokera ku doko mpaka ku holo

Dr Gondwe, 11:10
ndimuimbira lunch

Keziah, 14:02
mwaimba?

Dr Gondwe, 14:20
ndaimba. anali pa msewu, ma speaker akuimba nyimbo yomweyo. wandiuza kt mwana wake wamkazi wamng'ono waloweza chorus, amati ndi nyimbo ya agogo. ndamufunsa ngati holo akuidziwa

Keziah, 14:21
ndiye simunamuuze

Dr Gondwe, 14:21
ayi

Prisca, 18:05
Henderson wabwera kuno madzulo ano. wawaikira ama foni pakhutu, akuti anti, mawu a mlamu wanu mukuwakumbuka?

Dr Gondwe, 18:06
anayankha chani

Prisca, 18:09
anati eya mwana wanga, ndikuwakumbuka. kenako analowa mnyumba kukafuna chinthu chimene sichinasowe

LACHISANU

Keziah, 09:00
maola 6 atsala. Jane kapena Ellen

Prisca, 09:48
🎤 uthenga wa mawu, 0:51
Ada Gondwe, ndinenso. Pepala lanulo musasinthe. Dzina la Jane ndinalitenga ndekha osapempha, linandibisa, ndalera ana anga, palibe anabwera kudzagogoda. Tsopano mwana wake wapezapo kanthu, ine ndikamulande? Ine pepala ndikalitani, ndikulungire usipa? Mumupatse. Ine ndidzakhala kumbuyo, ndidzawomba m'manja ngati anthu ena.

Dr Gondwe, 10:15
madam, ndikuwamva amayi. koma sindingaime pamaso pa a Dean ndi anthu 80 kunena chinthu chimene ndikudziwa kt ndi bodza

Prisca, 10:18
bodzalo lakhala m'buku lanu zaka 2 a Doc, lakupatsani mphoto. lingalephere kukhala m'holo ola limodzi?

Prisca, 10:25
ine sindikuvomereza, musandimve molakwa. zikundiwawa. ama anga anaimba chinthu chimene amuna ankaopa kunong'ona, lero akawombere m'manja munthu wina. koma mawu ndi awo, anena okha

Keziah, 12:30
a Doc

Keziah, 14:10
mphindi 50

Keziah, 14:45
a printing akufunsa

Keziah, 15:02
nthawi yatha. yatsala ya Jane Longwe. galimoto inyamuka 6 mmawa, ine sindibwera, ndili ndi graduation list. muzinditumizira zithunzi, a Dean azioneka nkhope

Dr Gondwe, 15:40
ok

LOWERUKA

Keziah, 10:20
mwayamba?

Prisca, 10:34
tayamba mochedwa, a Dean anaima pa doko kujambulitsa. holo yadzaza, ena ali pa window. Henderson ali kutsogolo ndi suti yake, mwana pamiyendo

Prisca, 10:35
📷 chithunzi

Keziah, 10:36
chabwino ichi. amayi anu ali pati

Prisca, 10:37
benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. abwera ndi chitenje cha kumsika, anakana kusintha

Prisca, 11:05
a Dean amaliza. Jane Longwe kanayi monga munanenera. a Doc ayankhula mphindi 2 zokha, sanatchule dzina lililonse, angoti "mayi amene anaimba"

Keziah, 11:06
ochenjera

Prisca, 11:12
Henderson walandira. walira, anthu awomba m'manja. ama nawonso awomba

Prisca, 11:14
tsopano akuyatsa tepi pa ma speaker, amayi a chilimika alowa

Keziah, 11:15
video pls, ya 30 sec

Keziah, 11:31
Prisca?

Keziah, 11:50
a Doc chachitika ndi chani, nonse mwangoti zii

Dr Gondwe, 12:14
tepi inafika pothera paja. amayi ovina anayenera kubwerera ku chorus koma anasokonezeka, ng'oma inaima

Dr Gondwe, 12:15
ndiye kumbuyo kunamveka ndime ija

Keziah, 12:15
a Ellen??

Dr Gondwe, 12:18
sanaimirire. sanakweze ngakhale mawu. ndikuganiza kt sanadziwe kt akuimba mpaka anthu atatembenuka. mawu akalamba koma kakomedwe kake ndi komweko, pothera mzere amatsitsa chimodzimodzi. amene wamva tepi kawiri sangafunse

Keziah, 12:19
Henderson waimva ka 500

Dr Gondwe, 12:19
eya

Dr Gondwe, 12:22
agogo ena awiri anayamba kuseka, mmodzi anakuwa kt nyaManda wadziulula yekha. zikuoneka kt achikulire onse ankadziwa. a Dean anaganiza kt ndi mbali ya programme, ayamikira kwambiri

Keziah, 12:23
nanga mwini satifiketi

Dr Gondwe, 12:25
anatembenuka nkuwayang'ana a Ellen nthawi yaitali. kenako ananyamula mwana nkutuluka. abale ake a ku Chintheche akwera minibus ina

Keziah, 12:40
ndiye caption ya chithunzi chija ndilembe bwanji

Prisca, 15:12
Henderson wabwera kunyumba. satifiketi waika pa mpando, iye wakhala pansi pakhonde. sanakalipe

Prisca, 15:15
ama amuuza zonse, za mango, za kope, za amayi sikisi. anangomva. foni yake inalira pakati pa nkhani, nyimbo yomweyo, anaisiya mpaka inasiya yokha

Dr Gondwe, 15:16
ndibwere? galimoto sinanyamuke

Prisca, 15:17
ayi

Prisca, 15:41
wawafunsa kt nanga amayi ake enieniwo mawu awo anali otani

Dr Gondwe, 15:42
ayankha bwanji

Prisca, 16:03
akhala akuyesa kukumbukira nthawi yonseyi. akuti nkhope akuikumbuka, kayendedwe akukumbuka, mpaka deresi imene anamuika nayo

Prisca, 16:04
mawu ayi

Keziah, 16:30
pepani pa zonsezi. koma newsletter ikupita Lolemba 8am. dzina ndilembe liti?

Keziah, 17:15
a Doc?