Chingwe cha Makham

Khemarat,
13 Meyi.

Wokondedwa mlongo wanga Lamduan,

Undikhululukire pokuvutitsa ndi kalata. Ndikudziwa kuti ukaweruka ku fakitale maso amakhala atatopa ndi singano, ndipo pakanakhala njira ina sindikanakulembera. Ili ndi pepala lachinayi. Atatu oyamba ndang'amba chifukwa mawu amatuluka mokhota, paja ukudziwa kuti sukulu yanga inathera m'kalasi yachinayi.

Uli bwanji kumeneko ku Bangkok? Chifuwa chija chinakusiya? Nanga msana? Ife kuno tilipo. Mlamu wako Thongbai ali bwino, bondo lokha ndi limene limamuvuta m'mawa. Mvula yagwa kawiri koma mpunga sitinafese. Njati yathu yolimira yabereka mwana wamkazi.

Mwana wako Noina ali moyo ndipo alibe bala lililonse loopsa. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti usataye kalatayi pansi n'kuthamangira basi usanamalize kuwerenga. Koma sali bwino. Lero akwana masiku 22 chisiyireni kuyankhula, ndipo m'masiku onsewa watsegula pakamwa kamodzi kokha.

Sabata yatha utaimba lamya kusitolo kwa a Seng, ndinakuuza kuti wagona. Sanagone. Anali ataima pambali panga, atagwira mwendo wa tebulo. Limenelo silinali bodza langa loyamba. Loyamba ndi limene ndikufuna ndikufotokozere.

Chiyambire pamene unatisiyira mwanayu, Lamlungu lililonse la chilimwe timapita naye kumiyala ya kumtsinje wa Khong, madzi akaphwa. Thongbai amanyamula mpunga womata m'kadengu, nkhuku yootcha ndi kamtondo kosinjira mapapaya ndi tsabola. Ine ndimanyamula mphasa, madzi owiritsa, mankhwala a mabala, ambulera ndi zovala ziwiri zosinthira. Thongbai amandiseka kuti kodi tikusamuka, akuti tsiku lina ndidzazula ndi denga lomwe n'kulimangirira panjinga.

Makham ukumukumbukira, kagalu kofiirira ngati bwemba kaja unatola pasiteji ya basi chaka chimene unkapita. Anakula mpaka kumandifika m'maondo. Ankangoti akamva njinga yamoto yalira, woyamba kudumphira m'ngolo yake yam'mbali anali iye. Noina ankakhala kumbuyo kwake atamugwira makutu ngati ndiye akuyendetsa, n'kumamukalipira kuti achimwene khotani, mutigwetsera m'munda. Ankamutcha achimwene ndithu. Ndinayesa kumuletsa kuti anthu adzatiseka, iye anati ngati ndikuchita nsanje nanenso akhoza kumandigwira makutu.

Kumiyalako kumatsala maenje a madzi okhala ndi tinsomba. Noina ankawawerenga mpaka khumi, n'kuyambiranso, chifukwa kupitirira pamenepo sakudziwa. Makham ankalowa m'dzenje lililonse n'kudzadzikutumulira pamphasa pamene tikudya. Ndikulemba izi kuti udziwe kuti mwana wako ankaseka. Sunamusiye pamalo osasekedwa.

Tsiku limene ndikunena ndi la 21 Epulo, Lamlungu lotsatira chikondwerero cha madzi chimene unalephera kubwera chija. Tinapeza anthu ambiri kuposa masiku onse, ena ochokera kutali, ena ataledzera kale. Ndinaganiza kuti mwana asochera pakati pa anthu, kapena galu aluma mwana wa eni. Ndiye ndinatenga chingwe chapanjinga, mbali ina ndinamanga m'khosi mwa Makham, mbali inayo padzanja la Noina, kuti ndikaona mmodzi ndikhale ndaona onse.

Thongbai anandiletsa. Anati mwana si mbuzi, komanso galuyo ndi wamphamvu kuposa mwana wazaka zisanu. Ine ndinamuyankha kuti Makham sanathawepo n'kumusiya Noina. Ndinamanga mfundo ija bambo anatiphunzitsa yomangira bwato, imene ukaikoka imalimbirako. Ndinaiyesa kawiri, ndinakhutira nayo.

Thongbai atapita kumtunda kukagula madzi oundana, ine ndinakhala n'kumasenda papaya. Awiriwo anali patsogolo panga, mtunda wa mapazi khumi kapena khumi ndi awiri. Kenaka pamwala panadutsa ng'azi. Makham sanauwe n'komwe, anangouyatsa liwiro. Noina anagwa chafufumimba n'kumakwekwerezeka pamwala. Galu anaterereka n'kugwera pamene madzi amadutsa mwamphamvu pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, pamalo paja amayi ankatiletsa kusewera.

Ndinamugwira Noina mwendo mutu wake utafika kale pamphepete. Madzi ankakoka galu, galu n'kumakoka mwana. Ndinayesa kumasula mfundo ndi dzanja limodzi, inakana. Ndinayesa kukoka onse awiri, koma mwala unali woterera ndipo nanenso ndinayamba kutsetsereka. Kadzanja kake kanayamba kuda. Makham anali atatulutsa mutu, akupalasa kuti abwerere kwa ife, akutiyang'ana. Noina ankakuwa kuti kokani amalume, kokani.

Mpeni wa papaya uja unali pamwala pafupi ndi bondo langa. Ndinautola, ndinadula chingwe.

Lamduan, pa zodulazo sindikupepesa. Zitachitikanso lero ndikhoza kudulanso. Ndikupepesa chifukwa chomanga, komanso chifukwa cha zimene ndinachita pambuyo pake.

Anthu anathamangirako, Thongbai nayenso anafika akulira, n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinali nditanyamula Noina pachifuwa. Ndinaona maso onse aja ali pa ine, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti chingwe chaduka chokha, chakhuzika pamwala. Noina anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anatseka. Kuyambira pamenepo ndi zii.

Makham anapezeka tsiku lachitatu, asodzi anamuona atakodwa m'mizu kumunsi. Ndinapita ndekha kukamukwirira pagombe. Chingwe chinali chikadali m'khosi. Ndinachimasula n'kuchibisa m'chitini cha misomali, chifukwa aliyense woona nsonga yake angadziwe kuti mwala sudula mosalala choncho.

Noina amadya pang'ono, Thongbai akamunyengerera. M'mawa uliwonse amaumba kampunga n'kukaika pansi pa makwerero okwerera m'nyumba pamene Makham ankagona, n'kukhala pomwepo mpaka nkhuku zitatola. Salira. Tinapita naye kuchipatala cha m'tauni, adokotala anamuunika kukhosi ndi m'makutu, anati zonse zili bwino, tingomupatsa nthawi. Anatipatsa mankhwala oti azimva njala.

Kenaka kunabwera agogo a Sida, aja anakuvuulira khwan yako, mzimu uja umathawa m'thupi munthu akaopsedwa, utagwa mumtengo wa mango uli wamng'ono. Akalamba koma pakamwa ndi pomwe paja. Anangomuyang'ana mwana n'kunena kuti uyu thupi lokha ndi limene munabwera nalo, khwan yake inathawa ndi mantha, inatsala kumiyala. Anatikalipira kuti tinali kuti masiku onsewa, kodi timadikira kuti ikwere yokha basi.

Tinapita nawo pa 5 Meyi. Anatenga kaukonde kovuulira nsomba, anaikamo dilesi lachikasu la Noina, dzira lophika, nthochi, kampunga ndi ulusi woyera. Thongbai anatsala ndi mwana kunyumba kuti adzayankhe. Ine ndinawaonetsa malo enieni. Anawerama n'kumavuula pamwala ndi m'mphepete mwa madzi, uku akuitana kuti bwera mwana, usakhale kwa nkhanu ndi achule, dzuwa lakuno si lako, kwanu kuli mpunga wotentha. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi ambulera, kuopa kuti aterereka. Anatembenuka n'kunena kuti ndikapitiriza kuwapumira m'khosi andivuula ineyo, chifukwa zikuoneka kuti yanga inathawa kalekale.

Pobwerera sitinayankhule ndi munthu panjira, monga mwa mwambo. Titafika pansi pa makwerero agogo anakuwa kuti kodi ya Noina yafika? Thongbai anayankha kuchokera m'mwamba kuti yafika, yafika. Apo m'pamene mwana anayankhula. Anati Makham sanabwere. Mawu awiri okhawo, otsika, ngati a munthu wongodzuka kumene.

Agogo anakwera n'kutulutsa ulusi uja kuti amumange padzanja, khwan isathawenso. Ulusi utangomukhudza, Noina anakuwa kukuwa kumene sindinamvepo. Anamuluma Thongbai pamkono n'kukabisala kuseri kwa matumba a mpunga. Mpaka lero palibe amene wamumanga.

Agogo sanakwiye. Anati mwanayo wanena zoona, sinafike. Anati Thongbai ndi mayi wabwino koma khwan ya mwana imadziwa mawu a mimba imene anatulukamo, ndiye pamakwerero uyenera kuyankha ndiwe, ndipo ulusi uyenera kumumanga ndiwe ndi manja ako. Akuti ubweretse nsalu imene umagona nayo, yosachapa, kuti dilesi lidzakulungidwe mmenemo.

Ndikuwaperekeza, anaima pa mlatho waung'ono uja n'kundifunsa ngati pali chimene ndasiya kuwauza. Anati mwana woopsedwa ndi madzi amaopa madzi, koma uyu akusamba bwinobwino. Chimene aona iwo n'chakuti ine ndikalowa m'nyumba, mwana amabisa dzanja kumbuyo n'kuyang'ana pansi. Ndinati sindikudziwa. Anangolavula n'kunena kuti chabwino, iwo amavuula za kumiyala, za m'mimba mwa munthu wamkulu kaukonde kawo sikafikako.

Ndaganiza kwambiri, mlongo wanga. Mwina ndi mtsinje umene unamutseka pakamwa. Koma mwinanso ndine. Anaona ndi maso ake ndikudula, kenaka anamva ndi makutu ake ndikukana pamaso pa anthu. Mwana wazaka zisanu angatsutse bwanji amalume ake amene amamudyetsa? Akanena zoona andiyalutsa, akanena zanga anamizira Makham. Ndiye wangokhala chete, akundisungira bodza langa.

Thongbai sindinamuuze. Ndikuchita mantha chifukwa anandiletsa ndipo sindinamve. Koma ndadzilonjeza kuti ndikangoponya kalatayi kupositi ndikamuuza lero lomwe, ndipo ndikamuonetsa chingwecho. Noina ndikufuna ndidzamuuze iwe ulipo, utamunyamula, kuti zimene anaona n'zoona, amalume anadula ndipo amalume ananama. Ndekha sindingathe, chifukwa ndikafuna kuyankhula naye amathawa.

Agogo asankha Lamlungu la pa 26 Meyi. Sitingalisunthe. Madzi ayamba kukwera chifukwa kumtunda mvula ikugwa. Ndinalemba mzere ndi penti pamwala uja ndipo ndimapita m'mawa uliwonse kukayeza. Pa 6 Meyi panatsala mikono iwiri kuti madzi afike pamzere, lero patsala mkono umodzi ndi zala zinayi. Asodzi akuti Juni akamayamba miyala yonseyo imira mpaka chaka chamawa, ndipo agogo akuti sangavuule pamalo pamene sangaponde. Miyalayo ikamira khwan yake ili komweko, sindikudziwa kuti mwanayu adzakhala bwanji miyezi yonse ya mvula.

Ndikudziwa kuti kapitawo wanu ndi wovuta, anakukaniza ngakhale pa chikondwerero. Koma ndafunsa kusiteji. Ukakwera basi Loweruka ukaweruka, ufika kuno m'mawa wa Lamlungu, ndipo ilipo ina yobwerera madzulo ake. Sujomba ngakhale tsiku limodzi. Ngati angavute, umuonetse kalatayi, ine manyazi anatha.

Pali chinanso. Ukamva zonsezi mwina uganiza kuti mwana wako asakhalenso m'manja mwanga. Ukatero sindikuletsa ndipo sindikudandaulira. Khadi lake lakuchipatala ndi kalata yakubadwa ndaziika m'pulasitiki, zili pamwamba pa kabati. Chokhacho, Thongbai alibe mlandu. Ukudziwa kuti ife sitinapatsidwe wathu, ndipo iye ndi amene wakhala akumupesa tsitsi zaka zitatu zonsezi. Ukamadzakalipa udzakalipire ine.

Undiperekere moni kwa msuweni wathu Pranee amene ukugona naye chipinda chimodzi, umuuze kuti amayi ake ali bwino ndipo nsomba zouma zija anazilandira. Dzulo m'mawa Thongbai anapereka chakudya kwa amonke a kukachisi m'dzina lako ndi la Noina. Zabwino zimene makolo athu anachita ali moyo zikuphimbe panjira, matenda akupite patali.

Chonde undiyankhe lisanadutse Lolemba la pa 20 Meyi, kuti agogo adziwe ngati akonzeke. Usalembe kalata, ichedwa. Uimbe kwa a Seng. Kuyambira Lachinayi ndizikhala pa benchi yapakhomo pa sitolo tsiku lililonse, kuyambira faifi mpaka atatseka. Ngati sukufuna kumva mawu anga, usandiitanitse. Ungowauza a Seng kuti ukubwera, iwo amabwereza mokweza chilichonse chimene amva pa lamya, ine ndidzamvera panja.

Ndine mlongo wako,
Khamphan