Pepani wa pa Foni

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, kungoti mwendo wa amayi ukuwavutabe.

Mukukumbukira bambo atamwalira? Anzawo a kuntchito anabwera wapansi n'kukhala nafe pakhonde mpaka titaika maliro. Zimenezo zakhala zikundibwerera sabata yonseyi.

Lachiwiri m'mawa a Jafali, bambo wachikulire amene timagwira naye ntchito ku Dwangwa, anataya akazi awo. Uthenga unaikidwa pa gulu la WhatsApp la ku ofesi. Aliyense analemba "pepani" ndi kachithunzi ka manja opemphera, n'kubwerera pa kompyuta. Palibe anakumbukira kuti kwa Asilamu maliro sagona. Ine ndinakwera minibasi ya kwawo ku Bua, koma ndinapeza anthu atabwerako kale kumanda. Wa ku ofesi ndinali ndekha.

Chifukwa chokhumudwa, a Jafali atuluka pa gulu la WhatsApp lija. Dzulo abwana anandilembera uthenga, chikhalirecho ofesi yawo ndi yoyandikana ndi yanga: "Auzeni abwerere, ntchito timagawana pomwepo. Apo ayi, alandira kalata yowachenjeza."

Nditawauza, anangoti, "Mwanawe, abwanawo alibe miyendo?"

Sukulu yonse ndinaphunzira ija, ndikulephera kukauza abwana kuti akapepese maliro pamaso. Mwina ndine wamantha. Mundipempherere, achemwali, mawa ndikagogode pachitseko chawo, a Jafali angachotsedwe ntchito.

Izi sindinafune kukulemberani pa foni. Ndapinda mapepalawa, ndikupatsira a Saidi amene akukwera basi ya ku Joni. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Yamikani