Dishi Ichoke pa Phiri la Ibungu

Msonkhano wa Komiti Yoyang'anira Phiri la Ibungu, Chisenga
Tsiku: Lachiwiri, 14 Meyi 2024
Malo: Holo ya mpingo, Ibungu

Opezeka: Bambo Yakobo Kayange (Wapampando), Bambo Foster Sichinga (Mlembi), Mayi Lines Nyondo, Bambo Bizwell Mtambo, Bambo Anock Kaonga.
Mlendo: Dr. Lusungu Kaonga, wofufuza za kuthambo, mwana wa Bambo Anock.
Osapezeka: Mayi Anastasia Msukwa, ali pachisoni.

1. Kutsegula
Msonkhano unayamba ndi pemphero 9:10 m'mawa. Mamembala anakhala chete pokumbukira Loveness, mwana wa Mayi Msukwa, amene anamwalira pobereka sabata yatha.

2. Pempho la kampani ya foni
Wapampando anati kampani ikufuna kumanga nsanja ya netiweki paphiri, pomwe pali dishi ya Dr. Kaonga yomvera mafunde ochokera kuthambo, ndipo yankho likufunika pofika Lachisanu.

3. Mawu a Dr. Kaonga
Dr. Kaonga anafotokoza kuti kutali kuthambo kumaphulika zinthu zimene palibe akuzidziwa, ndipo mafunde ake amafika kuno kwa kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Dishiyi, mothandizana ndi madishi a m'mayiko ena, imaloza mlalang'amba, ndiko kuti khamu la nyenyezi miyandamiyanda, kumene kuphulikako kwachokera. Ofufuza akaona ngati nyenyezi za kumeneko n'zatsopano kapena zokalamba, amayamba kuzindikira chimene chaphulika. Anati: “Ngakhale mlendo timayamba kumufunsa kwawo.”

Anati anasankha Ibungu chifukwa kulibe netiweki, ndipo nsanja ikamangidwa dishi idzagontha ndi mafunde a foni. Anapempha chaka chimodzi kuti amalize ntchito.

Bambo Mtambo anafunsa kuti zinaphulika liti. Atamva kuti pa nthawi imeneyo padziko panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, anati: “Ndiye maliro ake anatha kalekale. Athuwa, a Loveness, ndi a dzanadzanali.” Mawu ena a Bambo Mtambo sanalembedwe.

Mayi Nyondo anakumbutsa komiti kuti mwamuna wa Loveness anapalasa njinga makilomita khumi ndi awiri kufunafuna netiweki yoitanira ambulansi. Anati: “Mwana wanga Lusungu, dishi yako imamva za kumwamba. Loveness sinamumve.”

4. Voti
Wapampando, amene amavota pokhapokha mavoti akafanana, analola Bambo Kaonga kutuluka popeza nkhani ikukhudza mwana wawo. Iwo anati yewo pothokoza, koma anakhalabe. Mayi Nyondo ndi Bambo Mtambo anavotera nsanja. Mlembi anavotera dishi. Bambo Kaonga anakweza mkono pomalizira, kuvotera nsanja, ndipo anapempha kuti dzina lawo lilembedwe poyera. Lalembedwa.

Chigamulo: nsanja imangidwe, dishi ichotsedwe pofika 30 Juni.

5. Nkhani zina
Dr. Kaonga anathokoza komiti chifukwa cha zaka zitatu zimene anapatsidwa. Anati dishi idzasamutsidwira kuchipululu cha dziko lina, ndipo iye adzapita nayo. Bambo Kaonga anati palibe kanthu, popeza tsopano kuno kukubwera netiweki azidzamuimbira Lamulungu lililonse, ndipo anafunsa ngati foni imagwira kumeneko. Dr. Kaonga anati: “Siigwira, adada. N'chifukwa chake tikupita kumeneko.”

Panalibe nkhani ina.

6. Kutseka
Msonkhano wotsatira: Lachiwiri, 11 Juni 2024, malo omwewo. Bambo Kaonga, amene inali nthawi yawo yotseka ndi pemphero, anapempha kuti apemphere wina. Mlembi anapemphera. Msonkhano unatha 11:25 m'mawa.

Y. Kayange, Wapampando ______________
F. Sichinga, Mlembi ______________