Amayi a M'foni

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ku Doha ndilipo, ngakhale dzuwa la kuno silidziwa chibale. Ndikatuluka m'chipinda chathu ku Al Muntazah m'mawa, pofika pokwerera basi malaya amakhala atanyowa kale. Ntchito ndi yomwe ija ya kuhotela ku Al Sadd, kuyala mabedi a anthu osawadziwa. Mukanaona mmene ndimakokera nsalu mpaka kusalala mukanaseka, inu amene munkati pogona panga pamaoneka ngati pamenyanirana agalu.

Za kumudzi amandiuza ndi Edina, chitsirizira wanu uja. Anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi, ndendende mmene munkachitira inu mchere ukachepa m'ndiwo. Chimanga cha kumunda wa kumtunda ntchemberezandonda zinachichita chipongwe, koma nandolo wabereka mosaumira. Mbuzi yanu yakuda ija yaswa awiri, ndipo sinasiye khalidwe lake lolowa m'dimba la eni.

Koma nkhani yomwe yandikhazika pansi lero ndi ya mwana wanga Zione, amene ndinamusiya m'manja mwanu atangoyamba sukulu. Maliro anu atangotha, bambo ake anatulukira. Inde, Fredi yemwe uja, amene anatisiya mwana akadali kumsana. Pano ali pa ntchito ku Blantyre, ali ndi nyumba ndi mkazi wina. Anapita kukhoti la ana kuboma kukapempha kuti Zione azikhala naye. Ati amake ali kunja, agogo ake amwalira, ndiye akumulera ndani? Nditamva, ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinakwera ndege koyamba.

Alongo anu, amalume a Dayisoni, anati ndisade nkhawa, nkhaniyo ndi yaing'ono. Anavala jekete lawo lija lopitira ku ukwati ndi kumaliro komwe, nakalowa m'khoti monga mwini mbumba. Ataimirira anatulutsa mawu anu aja, oti tambala amangolira, koma anapiye amatsata thadzi. Mwana ndi wa kuchikazi, nkhani yathera pomwepo. Majisitireti, mayi wodekha, anawasiya amalize, kenako anawauza mwaulemu kuti malamulo anasintha. Masiku ano khoti silifunsa kuti mwana ndi wa mbumba iti. Limafunsa kuti akakhala bwino kuti, ndipo mwanayo naye amapatsidwa mpata wonena zakukhosi. Edina akuti amalume anakhala pansi pang'onopang'ono ngati odwala msana. Mpaka lero akungodandaula kuti dziko latha, ana ayamba kuweruza akulu.

Ine ndinkatsatira pa foni. Khoti linalola kuti Edina aigwire m'mwamba kuti ndizimva, ineyo nditadzitsekera m'kachipinda kosungiramo matawulo, supavaiza wathu akugogoda kunja kuti ndifulumire. Majisitireti anandifunsa kuti ndibwerera liti kumudzi. Ndinayankha zozungulirazungulira, poti kontirakiti yanga ili pafupi kutha ndipo a hotela anali atandiuza kale kuti akufuna ndisayine ina.

Zione anakamufunsira m'chipinda china, popanda ife tonse, pali mayi wa boma woona za ana. Mayiyo ndi amene anandiimbira pambuyo pake, ndipo anayamba ndi kundipepesa. Akuti atamufunsa kuti amamulera ndani, anayankha kuti agogo. Atamukumbutsa kuti agogo anamwalira, anati akudziwa, koma nyumba ikadali yawo, ndipo iye amadziwa pamene chinthu chilichonse chimakhala. Za bambo ake anati sawada, kungoti sawadziwa. Ndiye anamufunsa za ine. Mwana wanga anati, "Amayi anga amakhala m'foni. Ndi abwino, koma netiweki ikavuta amachoka."

Amayi, ndinalira, ndipo sindikuchita manyazi kukuuzani. Mwanayo sananame. Atadwala malungo munagona naye kuchipatala ndinu. Dzino lake loyamba kuguluka munaliponya padenga ndinu. Ine ndinkadziona ngati mayi wolimba chifukwa cha nsapato ndi madiresi omwe ndinkatumiza. Munkandiuza pa foni yomweyo kuti mwana saleredwa ndi mphatso, amaleredwa ndi maso, ine n'kumaseka kuti mwayambapo ulaliki wanu uja. Lero ndikanakonda mutandilalikiranso.

Chigamulo chinatuluka chotere. Zione akhalabe m'nyumba yanu ndi Edina, sukulu yake yomwe ija. Pa holide azipita kwa bambo ake. Musakwiye, Amayi, ine sindinatsutse. Ndikudziwa kuti Fredi simunkafuna ngakhale kumva dzina lake, koma munthu wabwera mochedwa, komabe wabwera, ndipo mwana ayenera kudziwa nkhope ya bambo ake. Majisitireti anaonjezera mawu ena, ndipo ndi amene akhala akundisowetsa mtendere. Anati dongosolo limeneli n'longogwirizira. Kontirakiti yanga ikatha khoti lidzakhalanso, ndipo ndikadzakhala sindinabwere, lidzaona ngati si bwino kuti mwana akakhale ndi kholo limene lilipo.

Dzulo supavaiza anandiitana kuti tikambe za kusayina. Anzanga a m'chipinda anali atandizungulira kale. Mmodzi anati, "Feliya, wapenga? Ma chance ngati awa sabwera kawiri. Ukangopanda kurinyuwa kontirakitiyo, kwanu ku Balaka ukadya chani?" Mwina akunena zoona. Nyumba imene ndinkamanga ija yaima pa mawindo, ndipo mwina idzaima pomwepo zaka zingapo. Koma nditalowa mu ofesi ndinangonena mawu amodzi omwe ndaphunzira kuno, khalasi, kutanthauza kuti basi, zatha. Sindisayina. Potuluka mtima unali m'malo, koyamba chichokereni inu.

Ndiye konzekani, ndikubwera mvula isanagwe. Ndidzayamba ndafika pamene mwagonapo, chifukwa maliro anu nawonso ndinawaonera pa foni, Edina akuiloza ku bokosi, mawu a nyimbo akudukaduka. Sindinaponye dothi, sindinakugwireni pamphumi. Zimenezo sizingabwezedwe, koma za Zione nthawi ikadalipo. Ndidzalima munda wa kumtunda uja, ndidzathamangitsana ndi mbuzi yanu, ndipo pogona pa mdzukulu wanu ndizidzayala ndekha mmene ndaphunzirira kuno.

Mundipatsire moni bambo anga ngati mwaonana nawo kumeneko, ndipo musawakalipire kwambiri. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikukulonjezani kuti tsiku limene khoti lidzamufunsenso Zione kuti amayi ake amakhala kuti, adzangotembenuka n'kundiloza ndi chala.

Ndine mwana wanu,
Feliya