Chule Wovala Magalasi

Lolemba, 3 Malichi

Lamulo latsopano lafika: makoma a kalasi azilankhula. Kutanthauza kuti matchati ndi zithunzi mbwee, khoma lisaoneke. A hedi alengeza mu sitafu nkhope ili gwa. Ndafunsa kuti mapepala ake ali kuti. Akuti, "Pakadali pano tigwiritse ntchito zomwe zilipo." Zomwe zilipo ndi ming'alu. Dzina lija la a Pakadalipano sitinawalakwire.

Woyendera masukulu akubwera Lachinayi. Anzanga akuseka, ine ayi. Ndakalamba ndili mphunzitsi wongogwirizira, malipiro ake ongogulira sopo, ndipo mawu a woyenderayu ndi amene anene ngati andilembe ntchito yokhazikika kapena ndizikatsuka mitu ku saluni ya achemwali. Wongogwirizira alibe ngakhale mpando mu sitafu. Ndimakhalira chitini cha penti. Masiketi anga onse ali ndi chidindo chozungulira kumbuyo.

Lachiwiri, 4 Malichi

A Masamu, mnzathu wophunzitsa masamu, abwera ndi nzeru. Mlamu wawo amaphunzitsa pasukulu ya kutsidya kwa msewu, komwe kuli mtolo umodzi wa matchati. Tabwereka. Mtolo umodzi, makalasi onse! Pulani ndi iyi: woyendera akatuluka m'kalasi, a hedi azimuchedwetsa ndi nkhani pakhonde, ife tizimatula matchati, kudutsitsa pawindo la kuseri, n'kumata m'kalasi yotsatira. Pochedwetsa munthu ndi nkhani, a hedi ndi akatakwe.

Tchati chokongola kuposa onse ndi cha moyo wa chule: mazira, mbululu, kenako bambo chule ali phee pa tsamba. Wina anamujambulira kandevu ndi inki yofiira. Ana a kutsidya alibe mwambo, mpaka kuba bolopeni ya aphunzitsi.

Lachitatu, 5 Malichi

Tayeserera. Buluku la a Masamu lakodwa pamsomali wa pawindo, kwee! Ndaseka mpaka misozi. Koma pofika kunyumba kuseka konse kwatha. Ndisaname, ndikuopa.

Lachinayi, 6 Malichi

Mayo ine.

Woyendera uja ndi mayi wamfupi, wa magalasi, wosalankhulalankhula. Kalasi yanga inali yomaliza. A Masamu anafika pawindo ali wefuwefu, thukuta kamukamu, n'kundiponyera mtolo. Ndinamata mofulumira osayang'ana. Mayi aja analowa, ana anaimirira n'kupereka moni bwinobwino. Kenako kumbuyo kunayamba kakuseka kotsekera pakamwa, kanafalikira kalasi yonse.

Kucheuka, chule wavala magalasi. Ofiira. Chipewa chofiira, tayi, nsapato zosongoka.

Mayi aja anapita pa tchati, anatulutsa bolopeni yofiira m'thumba, n'kumuwonjezera kachikwama m'manja. "Bambo awa timadziwana," anatero. "Ndevuzi ndinawapatsa ndine sabata yatha kutsidyaku. Lero andiperekeza kalasi iliyonse, ndiye ndimati ndiziwaveka pang'onopang'ono. Amayendera masukulu kuposa ine."

A hedi ali pakhomo anayamba, "Pakadali pano..." Mayi aja anawadula mawu n'kutembenukira kwa ine.

"Matulani zonsezi, aphunzitsi. Ndabwera kudzaona inu, osati khoma."

Ndinamatula. Nanga ndikanatani? Ndinaphunzitsa mmene ndimaphunzitsira masiku onse kukakhala kulibe alendo. Ana a kutsogolo anakhala mazira, kudzipinda pansi. A pakati mbululu, kugwedeza michira yomwe alibe. A kumbuyo achule, kudumpha ndi kulira komwe. Fumbi koboo, phokoso mpaka kumsewu. Nditafunsa kuti mbululu imayamba kumera miyendo iti, kalasi yonse inakuwa, "Yakumbuyo!" kwinaku akumenya ntchafu.

Mayi aja sanaseke, sanalembenso kanthu. Anapukuta magalasi awo n'kutuluka. Zanga zada.

Lachisanu, 7 Malichi

A hedi sakundiyang'ana kumaso. Chule wabwerera kwawo atavala suti yonse, mlamu wa a Masamu akuti sadzatibwerekanso. Ndauza achemwali andisungire malo pa beseni. Akuti zikhadabo ndiyambiretu kuwenga. Ndalira pang'ono, kubafa.

Lolemba, 10 Malichi

Kulowa mu sitafu m'mawa, chitini changa palibe. Ndayang'ana kuseri kwa chitseko, pansi pa tebulo, zii. Mtima unandiwira. Munthu sindinatsanzike n'komwe, alanda kale ndi chitini chomwe?

A hedi anatsokomola. "Mayi aja aimba foni. Akuti mphunzitsi wokhazikika asamabwereke chule kwa eni ake, poti ali nawo odzaza kalasi."

Sindinamve bwino. Ndinati abwereze. Sanabwereze, anangoloza pakona ndi chibwano.

Mpando. Wathabwa, mwendo umodzi waufupi, ukugwedera.

"Pakadali pano..." anayamba a hedi.

"Tigwiritse ntchito zomwe zilipo," ndinawamalizira, n'kukhalapo.

Belu linalira, anzanga onse anatuluka, ine ndili phee pampando wanga. A Masamu anachita kubwerera kudzandiitana.