Kandege Kapeza Mwana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lizulu tilipo, koma miyendo ya amayi yatupanso, moti kumunda wa kachewere anasiya kupita.

Kanema munatumiza uja ndinawaonetsa Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Tinakuonani mukupala penti wakale pa kandege ka abwana anu, mukupaka watsopano, kenako mukukasisita ndi polishi mpaka nkhope yanu kumaonekeramo. Amayi anati ndibwereze katatu. Ataona mukukafunditsa nsalu anafunsa kuti, "Kodi kakudwala?"

Ndinati ayi, mukuteteza pentiyo kuti asasuluke ndi dzuwa.

Apo amayi anati, "Kali ndi mwayi kandegeko. Kapeza mwana."

Achimwene, ine sindinaseke. Zaka zisanu ndi chimodzi simunapondeko pakhomo pano. Wothowa miyendo imeneyi m'mawa uliwonse ndine ndekha, ana anga akudikira, munda ukudikira.

Sitikupempha zambiri. Bwerani Khirisimasi ino, ngakhale pa basi. Mukalephera, tumizani polishi wotsalayo tiwapake amayi. Mwina nawonso akawala mudzawaona.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati