Ababa akukana kubwerera ku Maputo

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chiuta mpunga unachita bwino, ndipo mpongozi wanu Asiyatu anabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Koma mtima wanga suli m'malo, nkhani ndi ya Ababa.

Chichokereni inu, anayamba kutaya magazi kuchimbudzi, n'kumabisa. Adokotala anapeza khansa kumapeto kwa matumbo, itakula kale. Anati kudula pompo sikungatheke, ayambe aiwotcha ndi makina kuti ichepe, opaleshoni ibwere pambuyo. Ndinakhala nawo ku Maputo milungu isanu. Ankagona pansi pa chimakinacho mphindi zochepa, osamva kanthu, potuluka n'kumandifunsa ngati anthuwo anayatsadi magetsi. Kenako adokotala anatibweza kumudzi kuti thupi lipume, atatipatsa tsiku lobwererako kukachita opaleshoni.

Vuto lagona pamenepo. Magazi aleka, akudya bwino, dzana anapalasa njinga mpaka ku Insaca. Akuti achira, sadaka yothokoza anapereka kale. Ndawakumbutsa mawu a adokotala, kuti chotupacho changofota, sichinafe, ndipo tikaphonya tsiku chidzakulanso. Akungoseka. Koma chimene akuopa ndikuchidziwa. Anamva kuti mwina adzawaika kathumba pamimba kotulukira chimbudzi, ndiye akuti adzaima bwanji pamzere wakutsogolo kumzikiti? Ashehe anawauza kuti swala ya munthu wodwala imalandiridwa. Sanamve.

Ndakalipa, ndalira, ndawatumira amalume. Inu simunkatero. Munkati, "Bambo akowa ukakangana nawo amamera mizu." Munkangochapa mkanjo wawo, kulonga m'chikwama, kuika pakhomo, inu n'kukhala pambali pake mutavala kale za paulendo, osayankhula, mpaka iwo atachita manyazi.

Shapa, minibasi yopita ku Cuamba poyambira ulendo wa ku Maputo, inyamuka Lachitatu m'mawa. Mkanjo ndachapa, chikwama ndalonga. Ndatulutsanso kapulana yanu yobiriwira ija, nsalu imene sanaionenso chichitikire maliro anu. Ndiivala, ndikhala pakhomo, pakamwa nditseka, ngakhale mukudziwa kuti ine kutseka pakamwa sindinabadwe nako. Ndikuopa, Amayi. Akangondilambalala n'kupita kudimba, sindikudziwa kuti ndidzatani.

Ndimakukondani, koma musawaitane msanga. Malo awo asungeni, chaka chino sindiwapereka. Pakhomopo sindidzuka mpaka atavala nsapato.

Ndine mwana wanu,
Mariamu